Ukonde M'denga la Khitchini

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika wa ku Mbamba Bay, pali amayi ena amene akangondiona amayamba kudzisasa m'mutu ngati athiridwa ufa. Ine ndimangowapatsa moni n'kupitirira. Kukwiya sindingakwiye, chifukwa chimene amakumbukiracho ndinachichita ndi manja angawa, ndiponso ndinachichita ndikuvina.

Titachoka ku Nkhotakota, ine ndi amuna anga tinapeza chipinda cha lendi kwa Mama Neema. Kuseri kwa nyumba kunali kakhitchini kakang'ono moti ukawerama kuti ukupize moto, kumbuyoku kumakhala kuli panja. Tsono ine ndili ndi matenda amene ndinatengera kwa mayi anga: sinditaya chinthu. Chitini cha majarini chikatha ndimachitsuka. Botolo ndimasunga. Chidebe chothyoka chogwirira ndimati chidzagwira ntchito tsiku lina (tsikulo silinafikebe). Katunduyo anadzaza m'khitchini, anasefukira pakhonde, kenako anauyamba ulendo wopita kukhomo kwa eni nyumba.

Tsiku lina Mama Neema anapunthwa pamtondo wanga. Anayang'ana muluwo, kenako anayang'ana ine.

"Mama Chisomo," anatero m'chilankhulo chawo chosakaniza ndi Chiswahili, m'mene khitchini amati jiko, "jiko limeneli ndinakupatsa kuti uziphikamo. Sabata yamawa kukubwera nesi wa lendi. Loweruka jumuiya ikatha ndidzaona. Pakhonde pakadzapezeka chinthu ngakhale chimodzi, jiko ndipatsa nesi."

Jumuiya ndi mphakati wa kuno. Akhristu oyandikana timakumana Loweruka m'mawa kupemphera, ndipo sabata imeneyo timakakumana pabwalo pa Mama Neema pomwepo. Mantha anandigwira ndithu. Mvula inali pafupi, ndipo mvula ya kuno ikamatsika m'mapiri siseka ndi munthu. Kuphika panja mwana ali kumsana sindinakufune.

Nzeru inandipeza kugombe. Ndinaona asodzi akukweza ukonde wodzaza ndi usipa, amuna angapo kuchita kubuula. Ndinati mumtima, chinthu chonyamula usipa wonsewu chingalephere zitini zanga? Pansi malo palibe, inde, koma m'denga simukhala munthu. Msodzi wina wa ku Ngumbo anandipatsa chidutswa cha ukonde wakale ulere, uku akumwetulira. (Munthu akamakupatsa chinthu ulere akumwetulira, uzifunsa kaye. Ine sindinafunse.)

Ndinaumangirira ngodya zonse kumitengo ya denga. Ndinayamba ndi zitini. Zinakhala. Ndinaika mabotolo. Anakhala. Apa mpamene mutu unazungulira ndi chisangalalo. Ndinakweza sefa, malichero, mapoto, anyezi, dengu la usipa wouma, ndipo pomaliza thumba la ufa wa kondowole, limene ndinalikankha ndi mutu nditakwera pamtondo. Mtondowo ndinaubisa kunsi kwa bedi. Pansi panatsala mbaula yokha. Ndinavina m'menemo, ndikunena zoona, kuzungulira osagunda kanthu.

Amuna anga atabwera kuchokera ku Ndumbi, kumene amatsitsa katundu padoko, anasuzumira n'kuyang'ana m'mwamba nthawi yaitali.

"Mayi a Chisomo, ukondewu ndi wa nailoni."

"Ndikudziwa."

"Pansi pake pali mbaula."

"Bambo, inu mumasenza matumba. Za m'khitchini tisiyireni eni ake."

Anangoti, "Chabwino." Chabwino uja wa munthu amene wasankha kudzakhala woonerera.

Masiku otsatira ndinkaphika ndi kamoto kakang'ono, zonse zili bwinobwino. Chinandipweteka ndi matama. Ndinadzipereka ndekha kuti tiyi ndi mandasi a jumuiya yonse ndiphika ine, m'khitchini mwanga, kuti anthu aone. Ndinabwereka mbaula yachiwiri, ndinadzaza makala zonse ziwiri, n'kukupiza mpaka malawi kunyambita m'mwamba. Fungo lina ngati la pulasitiki wopsa ndinalimva, koma ndinati ndi anthu oyandikana nawo akutentha zinyalala, ndipo ndinawanyoza mumtima chifukwa chosalemekeza mapemphero.

Nyimbo yotsekera itatha ndinatulutsa tiyi, mandasi, ndi mbaula zomwe, kuti pansi paoneke poyera. Ndinakonza duku.

"Karibu, Mama, dzaoneni."

Mama Neema anayang'ana pakhonde. Panalibe ndi supuni yomwe. Analowa m'khitchini, amayi a jumuiya ataunjikana pakhomo, makapu ali m'manja.

"Katundu yense uja ali kuti?"

Ndinangoloza m'mwamba pang'onopang'ono, chala chili njo.

"Mmalawi iwe," anatero akupukusa mutu, "una akili." Ndiye kuti ndili ndi nzeru. Mtima wanga unavina. Kenako anatambasula dzanja n'kusisita thumba la ufa lija, ngati mmene munthu amasisitira mbuzi yonenepa pamsika.

Kunamveka kuti thi! Ulusi umodzi. Mutu wa anyezi unagwa n'kuwagunda paphewa. Tonse tinauyang'ana ukugubuduka, ngati kuti vuto lonse linali anyeziyo. Kenako denga lonse linatsika.

Thumba linaphulikira pamutu pawo. Usipa unawatsanukira ngati mvula, mapoto akulira, zitini zikuthamangira kubwalo pakati pa miyendo ya anthu, ndipo pamwamba pa zonsezo ukonde unawakuta bwinobwino kuyambira kumutu mpaka m'mawondo. Fumbi litachepa tinaona eni nyumba athu ali mbuu, usipa utakakamira paduku, sefa ili paphewa. Akati atulutse dzanja, chigongono chikukodwa. Akati atembenuke, ndolo yakodwa.

Amuna anga, amene analinso pamapempheropo, anaika kapu pansi mwaulemu n'kulowa.

"Musagwedezeke, Mama. Nsomba ikamaphupha mpamene imakodwa kwambiri."

Mayi wina anatsamwa ndi mandasi. Basi, jumuiya yonse inaphulika, ena kugwirana, ena kukhala pansi. Amuna anga anayamba kuwaonjola diso ndi diso la ukondewo, mosafulumira, ndipo ndikukhulupirira kuti sanasangalalepo chonchi chikwatirane. Ine ndinagwada mu ufamo ndikuti, "Pole, Mama, pole, ndikhululukireni," chiseko chikundikanda kukhosi, misozi ikutuluka, osadziwa kuti ndi ya chiyani.

Atatuluka mu ukondemo anauzira ufa wa pamilomo n'kunena mawu atatu okha: "Jiko la nesi."

Manyazi amene ndinachita sindingawafotokoze. Ndinayamba kuyang'ana mtengo wa mango pabwalo, kuyesa mbali imene mvula singandipeze.

Nesi uja anabwera Lolemba. Analowetsa mutu m'khitchinimo, ananunkhiza nailoni wopsa wosakanikirana ndi usipa, anaona ufa uli m'ming'alu yonse ya khoma, n'kubwerera chafutambuyo. Anati asante, ndiye kuti zikomo, iye ali ndi kachitofu ka gasi, aziphikira kuchipinda. Madzulo ake Mama Neema anandiitana, osandiyang'ana kumaso.

"Khala nalo. Koma m'denga mwanga musadzakwerenso ngakhale khoko la anyezi."

Choseketsa n'chakuti malo anapezeka. Mabotolo anasweka, ndipo amayi amene anandithandiza kutola katundu aliyense anachoka ndi chitini m'khwapa. Zotsalazo zinakwana pathabwa limodzi limene amuna anga anakhoma. Ndinalumbira kuti zanzeru za m'khitchini ndasiya.

Koma dzulo kugombe ndaona bwato long'aluka litatayidwa pamchenga. Mutaliimika chilili pakona, n'kukhoma timatabwa m'kati, ndi kabati yeniyeni. Ndaliyeza kale ndi chitenje. Mwini wake wati ndikhoza kutenga ulere, uku akumwetulira, ndipo ine sindinafunsebe.