Dazi la mdani pa mbina panga

Anzanga, amene munaiona vidiyo ija sekani mumalize, koma mumve kaye mmene zinayambira, chifukwa ine ndale sizinali m'mutu mwanga olo pang'ono.

Bambo a Wezi anapita ku Joni mwanayu ali m'mimba, pano akuyenda, akumati "dada", bambo, kwa mwamuna aliyense wodutsa pa njinga. Poyamba ankaimba foni Lamlungu lililonse, kenako mwa apo ndi apo, kenako zii. Ya sopo imabwera ndithu, sindinganame, koma kodi ndalama imakufunsa kuti wadzuka bwanji?

Ndiye nthawi ya kampeni, a Shaba, mlembi wa nthambi ya chipani chathu kuno ku Champhira, anatiuza kuti msonkhano womaliza wa ku Boma adzaujambula pa foni n'kutumiza ku gulupu ya azibambo akwathu amene ali ku Joni, aone kuti chipani kumudzi chili ndi mphamvu. Mwamuna wangayu anandifunsira atandiona ndikuvina pa ukwati ku Jenda. Ndinati akadzachionanso chiuno chomwechi pa foni, akumbuka kuti kumudzi anasiya munthu. Mbwenu ndinakachonderera a NyaJere, tcheya wa amayi, kuti andiike mzere wa kutsogolo.

Vuto linali chitenje. Nthambi yathu ndi yosauka, zitenje zimene anatigawira zinali zopyapyala ngati sefa, ukaima padzuwa anthu akuwerenga miyendo. Pitikoti wanga anatha kalekale. Koma m'sutikesi ndinali ndi chitenje china, chochindikala, chosasuluka, chimene ndinalandira pa msonkhano wa chipani cha enawo. Musandiyang'ane choncho, ndani pano anakanapo nsalu yaulere? Pa chitenjecho panali nkhope ya woimira wawo, bambo wa dazi lonyezimira. Ndinati ameneyu akhale mkati, wathu pamwamba, adziwa ndani?

Wezi ndinamusiya ndi alamu anga, tinakwera lole mpaka ku Boma, fumbi kumaso, nyimbo njira yonse. M'lolemo munali mothinana chomene, ndipo potsika mfundo ya chitenje chapamwamba inali italefuka. Ndinaimva, koma ng'oma zinali zitayamba ndipo a Shaba anali atakweza kale foni. Ndiyambe kumanga nsalu pomwe mwamuna wanga akundiyang'ana kuchokera ku Joni?

Ndinavina, anzanga. Sindinaone akuluakulu a pa nsanja, sindinaone woimira wathu, ine maso anali pa kafoni kaja basi, mumtima ndikuti, ndione bambo a Wezi, ndine yemwe uja. Kenako ndinatembenuka kuti foniyo ione kumbuyo, poti luso langa lili kumeneko.

Phokoso linabuka! Anthu kukuwa, ena kuimba mluzu, ena kuloza. Ine ndinati eya, lero ndawagwira mtima, mpaka ndinawonjezera moto. Osadziwa kuti chitenje chathu chagwa kalekale, ndikuchipondaponda ndekha, ndipo amene akugwedezeka pa mbina panga pamaso pa woimira wathu ndi mdani wake, dazi likupita uku ndi uku, akumwetulira.

Ndinangomva dzanja pa phewa. A NyaJere, maso ali psuu.

"NyaMoyo! Mwavwara vichi, chitenje chanji chimenechi? Mwatibweretsera ndani pano?"

Nditayang'ana kumbuyo ndinaona dazi lija. Nditole chitenje chathu? Chinali chitasanduka chigamba cha fumbi. Ndivule cha mdanicho? Mkati munalibe kanthu, ndakuuzani za pitikoti. Nzeru imene inandibwerera ndi imodzi yokha, ndinangokhala pansi, phwathaa, pakati pa bwalo, kuti nkhopeyo ibisike.

Bambo wina woledzera anakuwa, "Wamukhalira! Mayi wamukhalira mdani!" Gulu lonse m'manja, nthungululu, ng'oma zinayambiranso. Ine pansi pomwepo, osadzuka, amayi anzanga akuvina mondizungulira ngati ndine mwala. Mawu onse a woimira wathu ndinawamvera pa fumbi, nyerere zikundiluma, mpaka mayi wina wogulitsa nthochi anandimvera chisoni n'kundibwereka nsalu yake.

Masankho atachitika, wa dazi uja anapambana, ife tinatsalira kutali, kochititsa manyazi kutchula. Pa msonkhano wa nthambi a Shaba anaima n'kunena kuti chipani chagwa chifukwa cha "anthu ena ovala pawiri". Aliyense anatembenukira kwa ine. Ndinangoti yewo, pepani. Koma mumtima ndinkawerenga malole aja, odzadza mpaka pa matayala. Onse amene tinavina tsiku lija tikanavotera wathu, bwenzi tikulira? Ine mdani ndinamuvala ku mbina kokha, voti ndinaponya kwathu. Anzanga anavala wathu bwinobwino, mdani ali mumtima, ndipo wamumtima sagwa pa bwalo.

Nanga vidiyo? A Shaba anali atatumiza kale asanaione n'komwe. Inazungulira Joni yense. Tsiku lina ndikutsuka mbale foni inalira, nambala yakunja. Ndinayankha ndi manja a thovu.

Kunali kuseka kokhakokha, kuseka kuja kwa bambo a Wezi komaliza ndi chifuwa, kumene ndinali nditayamba kukuiwala.

"Mama Wezi, nakuwona! Anyamata kuno sakundipatsa mtendere. Koma chiuno chija chikadalipo, eti?"

Ndinafuna kukalipa, ndinafuna kufunsa za miyezi yonse ija. Koma ndinangomuika Wezi foni kukhutu, nayenso anati "dada", koyamba kwa mwini wake. Nditawafunsa bambo akewo kuti mubwera liti, anati Disembala. Chaka chatha anatinso Disembala.

Ndiye ndalumbira, anzanga, zipani ziwiri pa thupi limodzi sindidzavalanso, ndipo ya sopo ikangobwera ndikukagula pitikoti ku msika wa ku Jenda. Koma chitenje cha dazi chija sindinataye. Ndachichapa, ndachipinda, chili m'sutikesi. Disembala akadutsa munthu osaoneka pakhomo, muwauze a Shaba atchaje foni.