Kompyuta Yanga ndi Polima wa Chinangwa

Lolemba

Ndaiyatsa! Funso ndi limodzi: kodi mankhwala a malungo ndi polima wa ufa wa chinangwa, uja womata piritsi kuti lisayoyoke, angagwirizane? Ena amasakaniza m'labu n'kudikira miyezi. Ine ayi. Kompyuta iwerengera tizidutswa tonse n'kulosera yokha, bola isazime masiku anayi.

Adokotala, ondiyang'anira ku yunivesite ku Lusaka, akufuna zotsatira Lolemba likudzali m'mawa, apo ayi digiri chaka chamawa. Nthawi ndi yambirimbiri. Amayi asoketsa kale diresi lawo la ku mwambo wolandira digiri.

Lachiwiri

Malaiti thi! Batire ikutha. Ndakwera njinga ya hayala, laputopu yotsegula pamiyendo, ulendo ku golosale ya amalume komwe kuli sola. Wanjinga, poona mmene ndaifukatira: "Asisi, ndi odwala?" Iyayi, palasani basi. Yafika ili moyo. Amalume nditawafotokozera ati, "Ndiye kompyutayi ndi nkhoswe ya mankhwala?" Sanalakwe.

Lachitatu

Mayo ine! Malaiti atabwera ndinaibweza kunyumba, ndiye lero ndapita kumsika kanthawi kochepa. Pobwera, laputopu yavala kansalu koluka, kaja ka maluwa kofanana ndi ka pa TV ndi ka pa wailesi. Amayi: "Chinthu chodula sichikhala pambalambanda, fumbi la Chipata ulidziwa." Yatentha ngati simbi, yazima. Zonse zapita.

Ndalira pang'ono kubafa. Ndayambanso. Ithera Lamulungu masana, ndiye vuto lili pati?

Lachinayi

Malamulo atsopano:
kansalu ayi;
laputopu pa njerwa ziwiri, mphepo idutse pansi;
fani ya Atate yabwerekedwa;
wokhudza aliyense, tidana.

Pali njira yosunga ntchito pang'onopang'ono ikamayenda, koma imachedwetsa. Zimenezo ndi za anthu amantha.

Lachisanu

Atate aima pakhomo, manja kumbuyo, monga ankaimira m'kalasi asanapume uhedi. "Kodi chikuchita chiyani chimenechi?"

Ndati chikugwira ntchito, Atate, usana ndi usiku, osapuma ngakhale tsiku limodzi. Agwedeza mutu nthawi yaitali. Aona okha kuti fizi sinapite pachabe. Ndanyada kwabasi!

Loweruka

Kamzere kobiriwira kosonyeza pomwe ntchito yafika katsala pang'ono kufika kumapeto. Malaiti sanathime, ndipo sindikufunsa chifukwa. Amayi ayesa diresi, azungulira pagalasi, aimbira azakhali a ku Madzimoyo kuti akonzeke. Uthenga wa kwa Adokotala ndalemberatu: "Zikugwirizana." Mtima ukundiuza choncho, kompyuta ingovomereza.

Atate akusita jekete, mawa ndi iwo olalikira.

Lamulungu

Ndapita kutchalitchi m'mawa ndi Amayi, Atate atsala kuti akiye nyumba, atipeza konko. Ulaliki wabwino: lamulo lachinayi, lija la Sabata. Ndinavomera nawo "Amen" mokweza.

Kunyumba, zii. Fani yaima. Laputopu yatsekedwa bwinobwino, waya wapindidwa mwaulemu pambali pake.

Atate, akuvula jekete: "M'nyumba muno palibe chogwira ntchito pa Sabata, mwanangu, kaya munthu kaya makina. Unanena wekha kuti sichipuma. Udzayatsa mawa."

Mtima ukuwawa, koma ukakangana bwanji ndi munthu amene wangolalikira zomwezo?

Mankhwala ndi chinangwa, kaya zimagwirizana, kaya ayi, sindidziwa. Uthenga uja ndafufuta. Amayi abweza diresi m'sutikesi, aikamo ndi timibulu tothamangitsa njenjete, ati chaka si kanthu. Kenako atenga kansalu kaja n'kufunditsa laputopu.

Ndawasiya. Panopa siingatenthe.