Amalume Orlin ndi Nyumba Yawo ya Matayala

Amalume Orlin Tvedt sankagona m'nyumba ya munthu. Funsani aliyense kuno ku North Dakota amene anawadziwa, adzayambira pomwepo. Akazi awo atamwalira, anagulitsa nyumba n'kugula chigalimoto chachitali ngati basi, chokhala ndi bedi, khitchini, bafa ndi chimbudzi m'kati momwemo. Anachitcha Borghild, ndipo ankachitchula mwaulemu kuposa mmene ankatchulira abusa. Ntchito inawatsalira imodzi basi, yoyendera abale, ndipo abale awowo ndi omwazikana: ena ku Oregon, ena ku Arizona, ena kumalire a Canada.

Kuno ankafikira kwa Marlys, mwana wa mlongo wawo. Marlys ameneyu anali ndi chilonda chake. Iye ndi mlongo wake wamng'ono, Duane, wokhala ku Oregon, anakangana pamaliro a mayi awo pa nkhani yogulitsa munda, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanalankhulanenso. Tinene zoona, Marlys ndi wamakani, ndipo Duane ndi wamakani kuposa iye. Komabe zinkamupweteka, chifukwa m'mimba mwa mayi awo anatuluka awiri okha.

Amalume sankaimba foni akamabwera. Masamba akangoyamba kufiira, Marlys ankamva hutala, galu n'kuthawira pansi pa khonde, kenako Borghild uyo akulowa chafutambuyo pakati pa mtengo wa maapozi ndi galaja, pamene Marlys ankaopa kudutsitsa ngakhale wilibala. Ana a mumsewu wonse ankathamangira kudzaonerera. Mkuluyo dzanja limodzi lili pachiwongolero, lina lili ndi kapu ya khofi yodzaza, koma osatayika ngakhale dontho.

"Mwayenda bwanji, amalume?"

"Moni pambuyo, mwanawe! Gwira chingwe ichi ukalumikize kumagetsi, nyama yanga ingawonongeke mufirijimu."

Chingwe chikangolumikizidwa, zinthu zinkatembenuka. Mwininyumba ndiye ankasanduka mlendo pabwalo pake pomwe. Marlys ankagogoda pachitseko cha Borghild.

"Ndani?"

"Ndine, amalume. Chakudya chapsa, tiyeni m'nyumba."

"Bwera nacho kuno. Uvulenso nsapato, kuno si kwanu."

"Komatu ndayala bedi kuchipinda cha alendo."

"Ukagonepo wekha. Mlendo wogona m'nyumba amamva zosayenera kumva, ndipo eni ake amayamba kunong'onezana m'khitchini. Ine ndikakutopetsani, ingozulani chingwe."

Palibe m'bale ngakhale mmodzi amene anazulapo chingwe chimenecho.

Chaka china chipale chofewa chinagwa asananyamuke, magetsi n'kuzima tauni yonse, nyumba n'kuzizira ngati mafiriji. Borghild anali ndi gasi wake ndi jenereta yake. Pofika masana, msewu wonse unali m'katimo: nkhalamba pabedi, ana pansi pa tebulo, abusa atakhala pachivundikiro cha chimbudzi ndi mbale ya supu pamiyendo. Ena amati munali anthu makumi atatu, ena amalumbira kuti makumi asanu, osawerengera agalu. Amalume ali pachitofu akutembenuza lefse, zikondamoyo zathu zopyapyala za mbatata zija, n'kumakuwira aliyense wolowa kuti, "Nsapato!" Mpaka lero anthu amanena kuti sanafundidwepo choncho moyo wawo wonse.

Koma chimene Marlys ankadikira kwenikweni chinali china. Mkangano uja utatha chaka, amalume anatulutsa phukusi mufiriji n'kumuponyera pamiyendo. Inali nsomba yowamba ya kunyanja ya ku Oregon.

"Wakupatsira mlongo wako."

"Duane? Wanena chiyani?"

"Duane amanena zinthu? Wangoiika pampando n'kuyang'ana kumbali. Si umamudziwa?"

Marlys anaidyera m'khitchini ali chiimire, misozi ili chuchuchu. Yankho sanatumize, kunyada kunamukaniza. Pa tsiku lonyamuka anangowalongedzera amalume mabotolo a jamu wa zipatso zakutchire, monga mwa masiku onse.

"Uyu ndi wanu, amalume. Wanu nokha, mwamva?"

"Ndamva, ndamva. Ndine wogontha ine?"

Chaka ndi chaka zinkayenda choncho. Nsomba inkafika, Marlys n'kudya, mtima n'kumafewa pang'onopang'ono. Ankadziuza kuti mwana uja akupepesa m'njira yokhayo imene amaidziwa.

Amalume anamwalira ku Arizona, pabwalo pa msuweni wawo, atakhala pampando woyendetsera ngati akufuna kunyamuka. Msuweniyo anati atagogoda osamva "Ndani?", anadziwiratu.

Maliro tinaika kuno, ndipo tchalitchi chinachepa. Kunabwera anthu ochokera kumapeto a dziko, osaonanapo chibadwire, koma aliyense akudziwa dzina la mwana wa mnzake, bondo lomwe limamuvuta, ngakhale mtundu wa galu wake. Zonsezo anazimva kwa munthu mmodzi. Pobwera kumanda, anthu akumwa khofi mu holo ya tchalitchi, Marlys anaona Duane ataima yekha pakona, mutu uli mbuu ndi imvi. Anadzilimbitsa mtima n'kupita.

"Duane, nsomba zija, zikomo."

"Nsomba ziti, achemwali?"

"Zimene unkanditumizira chaka ndi chaka zija."

Duane anaika kapu pansi. "Ine ndimati ndikuthokozeni inu chifukwa cha jamu. Nsomba ndinkawapatsa amalume. Ndinkachita kuwauza kuti ndi zawo zokha."

Marlys anachita mantha enieni. Zaka zonsezo palibe amene anapepesa mnzake, palibe amene anatumiza kanthu, ndipo mkangano uja unali chikhalire pomwe anausiya. Nkhalamba inawanamiza onse awiri, ulendo uliwonse, nkhope ili gwa. Chomwe chinamuzunguza mutu kwambiri n'chakuti amalume ankakonda nsomba yowamba kuposa chilichonse, jamunso ankatha kumudya ndi supuni. Ankayenda nazo masiku ambirimbiri, kudutsa mapiri ndi zipululu, zili pafupi ndi dzanja lawo, koma osalawa.

"Ndiye kuti simunandikhululukire," anatero Duane chapansipansi.

Marlys anamuyankha kuti, "Ndinakukhululukira kalekale, chitsiru iwe. Nsombazo ndinadya, ndibweze bwanji?"

Duane anayamba ndi kuseka, kusekako n'kusanduka kulira, mpaka abusa anabwera kudzafunsa ngati pali vuto. Akuluakulu amati chibale ndi fupa, sichiola. N'zoona, koma tsiku limenelo tinaona kuti pamafunikanso wina wolinyamula fupalo kuchoka khomo lino kupita khomo linalo, ndipo wathuyo tinali titangomukwirira kumene.

Tsopano masamba afiiranso, ndipo msewu wathu uli zii. Ana safulumira pochokera kusukulu, poti palibe choti akaonerere. Nkhani za abale sizibweranso zokha. Timangomva mochedwa kuti uje anakwatira, uje anagonekedwa m'chipatala, ndipo timachita manyazi kuti zaka zonsezi tinkadziwana chifukwa cha mafuta a galimoto ndi msana wa nkhalamba imodzi. Tawasowa kwambiri amalume aja.

Lachisanu lapitali m'mawa, Marlys ananyamuka pa kagalimoto kake kupita ku Oregon, iye amene sanayendetsepo kupitirira Bismarck, likulu lathu la North Dakota lino. Anatuluka pageti, osabwereranso m'mbuyo. Mkazi wa Duane akudwala, ndipo palibenso wina woti amutume.