Tsiku Lomwe Ndinasambitsa Mwini Mbumba pa Bwalo la Mpira

Anzanga, mwakhala mukundifunsa kuti zinatheka bwanji kuti mkazi wanga Nabanda asamukire kuno ku Mitundu, ine nditakhala zaka zonse zija pa chikamwini ku Nathenje. Ndimayankha kuti tinakambirana bwinobwino ngati anthu aakulu. Bodza limenelo. Lero ndinena zoona, chifukwa omwe analipo ayamba kale kuikamba mokhotetsa, ena mpaka akuikamo mbuzi yomwe kunalibe.

Zonse zinayamba ndi jekete. Mukudziwa ndimagulitsa kaunjika pa msika, ndiye tsiku lina nditadula belo ndinapezamo chijekete chokhuthala, chofunda bwino, koma kumsana kwake anajambulako nkhope ya mzungu wokalamba, imvi mbuu, atavala zomvera m'makutu ngati woyendetsa ndege. Pansi pake analemba zomuthokoza pa zaka makumi anayi zomwe anaphunzitsa mpira pa koleji imodzi ku America. Miyezi iwiri jeketeyo ili lende pa chingwe. Aliyense amabwera, kuigwira, kuitembenuza, kuona nkhalambayo, n'kuibweza. Mayi wina anachita kundifunsa mwachifundo, "Amenewa ndi malemu bwana wanu?"

Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma chinthu chikandizunguza ndimachifufuza mpaka bandulo ithe. Ndinalemba dzina la mkuluyo pa foni, ndipo eee, munthu uja ndi mbiri! Anayamba ntchito ali kamnyamata kowonda, tsitsi lili bii, kuphunzitsa mpira wawo uja wooneka ngati papaya, womwe anyamata amavala zipewa zolimba n'kumagundana ngati nkhosa zamphongo. Zaka zina amawina, zaka zina amagonja mpaka anthu kunyamula zikwangwani zoti achotsedwe, iye phee, pomwepo. Anyamata omwe anawaphunzitsa anakula, anabereka, n'kumutumiziranso ana awo. Ine amene ndimasamutsa benchi yanga ya malonda mvula ikangowaza pang'ono, ndinamuvulira chipewa.

Koma chomwe chinandigwira mtima ndi kanema wa masewero ake omaliza. Mpira ukutha, timu yake yawina, anyamata awiri akumuzembera kumbuyo atanyamula chindowa, kenako khuthu! Chakumwa chozizira, cha mtundu wa lalanje, ayisi ndi ayisi, pamutu pa nkhalamba. Ndinati lero wina amangidwa. Ayi ndithu! Mkuluyo akuseka, akulira, akuwakumbatira, bwalo lonse likuwomba m'manja. Ndinafufuzanso, ndinapeza kuti kumeneko ndiwo ulemu waukulu kwa kochi. Ndinati taonani anthu anzeru, ulemu wosafuna mbuzi, wosafuna nsalu, ndowa imodzi basi.

Tsopano apa mpomwe akulowera a Mbewe. A Mbewe ndi amalume a Nabanda, mwini mbumba, mphunzitsi wopuma, ndipo timu ya mpira ya m'mudzi mwawo akhala akuiphunzitsa kuyambira ine ndikukwawa. Ndiwo anali ndi mawu omaliza pa pempho langa lotenga mkazi chitengwa. Zaka zitatu ankhoswe anga akupita, zaka zitatu yankho limodzi: "Tiona." Ine ndikumadya fumbi pa njinga yamoto kuchoka ku Nathenje kudza ku Mitundu, mabelo kumbuyo, msana ukulira. Ndiye tsiku lina anandiitana nati, "Akamwini, Lamulungu likubwerali ndi mpira wanga womaliza, mawondo akana. Ukatha tikakhale pansi, ankhoswe anu abwere, tikaimalize nkhani ija."

Munthu wanzeru akanatani? Akanavala malaya oyera, kukhala pa benchi, kuwomba m'manja, basi. Ine ndinati ayi, mkuluyu ndimufewetse mtima ndi ulemu wa ku America.

Chakumwa cha m'mabotolo chodzaza ndowa sindikanachigula, mumandidziwa. Ndinapita kwa mnzanga wa golosale kukafuna timapaketi tija ta ufa wa chakumwa tosungunulira ana. Ta lalanje amaumirira mtengo, koma panali katoni ya tofiira yomwe inanyowa pakona, ndipo titakokanakokana anandipatsa ngati akutaya. Ndinatuluka ndikudzitama. Ayisi ndiye ndinakamupeza kwa mayi wina wogulitsa nsomba zaziwisi, amene anandiyang'ana nati, "Achimwene, ameneyutu wagona ndi nsomba masiku awiri." Ndinati amayi, sitikumwa, tikungothira. Anandipatsa waulere. Waulere, anzanga! Pamenepo ndikanadziwa kuti chinachake chalakwika.

Lamulungu linafika, mwezi wa Juni, kamphepo ka ku Dedza kakuboola mpaka m'mafupa. Ndinavala jekete ya nkhalamba ija, ndowa ndinaibisa kuseri kwa chulu pafupi ndi benchi ya akochi, nditavindikira ndi thumba. Ndipo mukudziwa timu yomwe amasewera nayo? Ya kwathu kuno ku Mitundu. Zimenezo sindinaziganizire n'komwe.

A Mbewe anatulukira. Ine ndimayembekezera kuti avala chitirakisuti chawo chakale chija chong'ambika pa bondo. Anatulukira mu suti yoyera, yomwe anavala tsiku lopuma pa ntchito ya uphunzitsi, taye, nsapato zopolisha, azimayi akululutira. Mtima unandiuza kuti leka. Ndinauyankha kuti mzungu uja nayenso anali atatchena.

Pa hafu ndinanong'oneza osewera awiri a pa benchi kuti adzandithandize kunyamula. Wina anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Tiwathire madzi akochi? Ifeyo? Alamu, mwamwa chiyani?" Ndinawaonetsa foni, netiweki n'kukana. Ndinati chabwino, ulemu wonse ukhala wanga ndekha.

Mpira unali wokoma, osanama. A Nathenje anagoletsa chimodzi, ng'oma zikulira, ana akuthamanga m'bwalo, a Mbewe akudumpha kuiwala mawondo. Nthawi ikutha, ine ndinakatenga ndowa, ndikuyenda chonyang'ama kumbuyo kwawo, manja akuuma ndi kuzizira. Kenako ndinamva wenzulo, yaitali bwino. Ndinati yatha! Ndinanyamula ndowa ija ndi mphamvu zonse za kaunjika, khuthu!

Sinali wenzulo yothetsa mpira. Inali penate, ya a Mitundu.

Anzanga, bwalo lonse linangoti zii. Ng'oma zinaleka. A Mbewe ali chiimire, manja atatambasula, suti yoyera ija yasanduka yofiira ngati ya munthu wopha ng'ombe, ayisi akutsetsereka m'kolala, kamutu ka nsomba kali pa phewa. Fungo lake! Ngakhale agalu anayandikira. Ine ndinayamba kuwomba m'manja ndekha monga amachitira mu kanema muja, ndinawomba katatu, n'kusiya.

Ndiye mayi wina anakuwa, "Mankhwalaaa! Mkamwini wa ku Mitundu wathira akochi mankhwala!" Taganizani inuyo, mungawatsutse? Munthu wa ku Mitundu, wazemba kumbuyo, wathira mkulu zinthu zofiira zonunkha, nthawi yomweyo a Mitundu apatsidwa penate, ndipo kumsana kwake wabereka nkhope ya mzungu wosadziwika. Ngakhale ine ndikanakhala kumbali ndikanati gwirani ameneyo. Anandigwiradi. Wina kolala, wina lamba, wina anandilanda ndowa n'kuinunkhiza n'kutsokomola. Nabanda anafika akuthamanga, mwana kumsana, "Bambo a Tadala, mwatani? Mwatani inu?" Ndinati ndi ulemu wa ku America. Anangokhala pansi pa udzu n'kudzifunditsa chitenje kumutu.

Chomwe chinandipulumutsa ndi mantha a anthu akwathu. Uku a Nathenje akuti ndawalodza, uko a Mitundu akuona kochi wa adani awo wasambitsidwa zofiira penate isanamenyedwe, iwo anati a Nathenje atseka golo ndi mankhwala. Womenya penate wathu, mnyamata yemwe ndimamugulitsa mathalauza a jinzi, anaika mpira, anauchotsa, anauikanso, anadzilemba mtanda. Anathamanga, anamenya, mpira unakagwera m'munda wa chinangwa. Wenzulo yeniyeni inalira. A Nathenje awina!

Omwe anandigwira kolala aja ndi omwewo anandinyamula m'mwamba. Ndikukuuzani, anthu! Mphindi imodzi ndinali mfiti, mphindi yotsatira ndine dokotala wa timu. Ndinakuwa kuti nyamulani akochi, osati ine, koma palibe amafuna kuwakhudza chifukwa cha fungo. Mkuluyo mano akugundana, milomo yauma. Ndinatsika, ndinavula jekete ija, ndinagwada, n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anaivala pomwepo.

Madzulo dzuwa lisanalowe tinakhala pansi pa khonde pawo, ankhoswe anga akuyang'ana pansi ngati ataya singano. Netiweki inabwera, ndinapereka foni. A Mbewe anaonera kanema uja kawiri, atasamba, atavalabe jekete. Anafunsa kuti mzunguyo anaphunzitsa zaka zingati, ndinawauza, anagwedeza mutu, "Wandiposa pang'ono. Koma iyeyo anali ndi mipira yambiri, ine umodzi womwewo wosokasoka." Kenako analoza pa foni.

"Akamwini, amene akumuthirawa ndi ndani?"

"Osewera ake, bambo."

"Inu mumasewera nambala chiyani?"

Ndisanayankhe, anafunsanso.

"Nanga nsomba ili pati mu kanemamu?"

Ankhoswe anga anatsokomola. Ine ndinadziwa kuti chitengwa chapita, ndidzafera pa njinga yamoto. A Mbewe anayamba kugwedezeka mapewa, ndimaganiza kuti ndi kuzizira kuja, osadziwa akuseka, kuseka mpaka misozi, mpaka amayi a kunyumba kutuluka kudzaona. Atapuma anati, "Zaka zonsezi palibe anandithokozapo mpaka kundidwalitsa chimfine. Nkhani ija yatha. Mtengeni mkazi wanu. Mawa lomwe. Munthu woganiza chonchi sangakhale pafupi ndi nyumba yanga, poti mwezi wa mawa ndikusiyanso ukulu wa kwaya, sindikudziwa kuti ku America amawathira chiyani."

Basi, ndi mmene Nabanda anabwerera ku Mitundu. Jekete sinabwerere. Amaivala pa mpira uliwonse, ndipo akafunsidwa za nkhope ili kumsana amati ndi mnzawo wa ntchito. Miyezi iwiri ndikulephera kuigulitsa, mkulu uja anaitenga osatsitsa n'komwe mtengo, ndiye muziti wodziwa malonda ndine.

Mpaka lero matimu amabwera pa benchi yanga, kuyerekeza kusankha masokosi, kenako kunong'ona, "Bwana, zofiira zija zilipo?" Ndimawauza kuti zinatha. Ndipo ndinalumbira pamaso pa Nabanda: mkulu aliyense wopuma pa ntchito, kaya waphunzitsa zaka zana, ine ndidzamupatsa nkhuku ngati anthu ena onse, ndili kutsogolo kwake, manja akuoneka.