Nangula wanga ndi tambala wa apongozi

Pakamwa pakanakhala ndi zipi, bwenzi lero ndili kwathu ku boma ku Chadiza ndi mkazi wanga ndi ana. Koma ndikulemba izi ndili ku Zemba, pakhonde la chikamwini, chaka chachisanu ndi chimodzi, ndipo anthu akandiona amati, "Mwaswera bwanji a Kaputeni?" Musaganize kuti ndi ulemu.

Gwero lake ndi Mpulungu, tauni ya m'mphepete mwa nyanja yaikulu. Ndinapitako kamodzi kokha, kuperekeza msuweni wanga kukapikula kapenta, tinakhalako sabata imodzi. M'bwato sindinapondemo (mafunde aja ndinkangowaonera patali), koma makutu ndinatchera. Ndinabwerako ndi mawu odzaza thumba: nangula, tsigiro, thanga, mlongoti, doko, kukocheza. Pabawo, kuchigayo, ngakhale pamaliro, ndinkawathira paliponse ngati mchere. Munthu akangoimika njinga, ine, "Mwakocheza bwino." Anthu a kuno, amene madzi ambiri amawaona mu Febuluwale mokha, ankangoti eya.

Tsono chimene mtima wanga unkafuna ndi chitengwa, kuti andilole kutenga mkazi wanga Nabanda tikakhale kwathu. Ankhoswe ndinali nditatuma kawiri. Mwini mbumba, malume ake a Nabanda, amakhala kutsidya kwa dambo, njira ya ku Mlolo, ndipo anayankha kuti agamula akamva maganizo a mlongo wawo, amene ndiwo apongozi anga aakazi. Apongozi angawo ndi achikale kwabasi. Zaka zisanu anali asanandiyang'anepo kumaso. Tikakumana panjira amapatukira m'chimanga. Akafuna kundiuza kanthu amauza galu, kaya mtondo, kaya khasu, ine ndikumva ndili pomwepo.

Tsiku limene anakonza zopita kwa malumewo kukakamba za ine, atanyamula tambala wofiira wamphatso, dambo linali litasefukira, mlatho wamitengo utamira. Mwini bwato, a Mbewe, anali kuchipatala ku Chipata ndi mwendo. Bwato lili apo, nkhafi ili apo, wopalasa palibe.

"Nanga si tili nawo a ku Mpulungu?" anatero mayi wina mwa amene ankachapa pamenepo.

Nabanda anandikoka malaya. "A Phiri, nenani zoona. Munapalasapo inu?"

"Kadambo aka? Kumene ndinali ine tsidya lina silioneka n'komwe."

(Onani bwino: sindinaname. Sindinayankhenso.)

Ndinaona mwayi, abale. Ndinati ndikawawolotsa bwinobwino, akafika kwa malume akundiyamikira, chitengwa changa chatheka. Ndinayamba ndi kufotokozera amayi ochapa aja kuti amalinyero enieni sanyamuka opanda nangula. Ndinatola mwala waukulu ngati dzungu, ndikuumanga ndi chingwe cha ng'ombe, ndikuuika pamapazi anga. Apongozi anakwera mwakachetechete nakhala kutsogolo, atandipatsa msana monga mwa mwambo, tambala ali pamiyendo.

"Tikuchoka padoko!" ndinalengeza. Dokolo linali matope ndi ndowe.

Ndinapalasa katatu kudzanja lamanja, bwato linakhota. Ndinawonjezera mphamvu, nalonso linawonjezera kukhota. Amayi ochapa aja ndinawaona kumbuyo, kenaka kutsogolo, kenaka kumbuyonso.

"Ndikuyesa kaye mphepo!" ndinawafuulira.

Apongozi anakhosomola pang'ono. "Tambala iwe, uwafunse akamwini ngati ku Mpulungu nkhafi imadziwa mbali imodzi yokha."

"Tambala, uwauze amayi kuti vuto ndi bwatoli. Lilibe tsigiro lowongolera."

"Tambala iwe, uwauze kuti a Mbewe amatiwolotsa nalo lopanda chimenecho."

Thukuta linali kamukamu. Ndinasintha dzanja, tinayamba kuzungulira chobwerera. Apo n'kuti madzi akulowa pamng'alu wina pansi.

"Tambala iwe, uwauze akape madzi, chitenje chanyowa."

Ndinaika nkhafi pansi ndikutenga chigubu chodula. Ndikukapa choncho, ndinaona bango likuyenda. Si bango ayi, ndife amene tinkatengedwa cham'mbali. Mawu onse a ku Mpulungu anathawa, kunangotsala limodzi.

"Tiponye nangula!"

Ndinaimirira. Inde, m'bwato la mtengo umodzi, katswiri wanu anaimirira. Ndinanyamula mwala uja ndikuuponya ndi mphamvu zonse za munthu wofuna chitengwa. Chimene sindinaone n'chakuti pa kuzungulira konse kuja chingwe chinali chitandikulunga mwendo. Nangula anapita, mwini wake anatsatira. Khuvuu!

Zimene ndinafuula m'madzimo amazidziwa mudzi wonse, ena anachita kuziloweza. "Mayo ndafa ine! Nabanda, ulere ana! Ku Mpulungu sindinakwerepo bwato!" (Chomalizachi palibe anandifunsa. Ndinkangofuna ndikafike kumwamba wopanda katundu.) Ndinaphiriphitha, ndinamwa madzi amatope, ndinatambasula dzanja ndikugwira chimene ndinagwira. Unali mkono wa apongozi. Munthu amene ngakhale chithunzithunzi chake sindinachipondepo, ndinam'kakamira ndi manja awiri ngati nkhupakupa.

Pamenepo anatembenuka. Kwa nthawi yoyamba pa zaka zisanu anandiyang'ana m'maso nandilankhula ine mwini, osadzera kwa tambala.

"Imirirani."

Ndinaimirira. Madzi anandilekeza m'chiuno. Titazungulira dambo mphindi zonse zija, tinali tisanafike n'komwe pakati pamene pali pozama. Tinali chapafupi ndi pomwe tinanyamukira, moti mayi wina ananditambasulira sopo kuti popeza ndanyowa kale ndingosamba. Nabanda yekha ndiye sanaseke. Anaphimba nkhope ndi mpango.

Apongozi anachotsa mkono wawo pang'onopang'ono, anamangirira tambala bwino, natola nkhafi. "Tambala iwe, uwauze kuti dambo ili ndinayamba kuliwoloka ndisanavinidwe." Anapalasa kuwiri uku, kuwiri uko, bwato linangoti nyoo mpaka tsidya lina. Ine ndinatsala ndikumasula nangula wanga kumwendo.

"Ngati amatha, anandilekereranji?" ndinafunsa Nabanda pobwerera.

"Amafuna amve ngati pakamwa panu pangatuluke mawu oti sindidziwa."

Patapita masiku awiri apongozi anabwerako, tambala atadyedwa. Masana amenewo ndikusongola mpini kuseri kwa nkhokwe, ndinawamva akulankhula ndi mtondo.

"Mtondo iwe, uwauze akamwini kuti kusadziwa kupalasa si mlandu. Koma munthu wololera kumiza apongozi ake m'malo movomera kuti sadziwa, ndikam'patsa mwana wanga akam'miza ku boma ine osaona. Adikire."

Sindibisa, zinandipweteka kuposa kuseka kwa mudzi wonse, chifukwa ndinafunafuna poti ndiwatsutse koma sindinapapeze. Ndinalumbira kuti ku Mpulungu sindidzakutchulanso.

Sabata yatha mjigo wa m'mudzi muno unafa, anthu atauzungulira akufunsana kuti ndani angaukonze. Apongozi anali pomwepo ndi ndowa yawo. Ndinangomva pakamwa panga pakutseguka pokha: "Pamene ndinali ku..."

Nabanda anandiponda phazi. Apongozi anawerama nauza ndowa kuti iwauze akamwini awonjezere chipinda panyumba yawo, chifukwa kuno akhalitsa.