Mlandu wa Kuwonda kwa Mlongo Wanga

Ndinene pachiyambi pomwe kuti pankhani iyi wolakwa ndine, kuti musavutike n'kundiweruza muli pakati.

Kwathu ndife onenepa kumtundu, ndipo timanyadira. Malemu amayi ankadzaza okha theka la benchi kutchalitchi, ine ndi mlongo wanga Esinati n'kutengera komweko. Esinati anatengeranso shuga, koma izo sitinkazitchula pagulu. Ine ndimaphunzitsa ku Vubwi, iye anakwatiwa ndi a Sakala ku Katete. Panapita miyezi yambiri tisanaonane, ndipo pafoni ankangoti, "Tili ku Lusaka, achimwene, tikuona zina ndi zina."

Tsiku lina pamsika wa Katete mayi wina wochepa thupi anandigwira mkono. Ndinamupatsa moni wa alendo, waulemu wonse. Anali Esinati. Chitenje chinkamuzungulira kawiri. Titafika kwawo anadya kachidutswa ka mbatata n'kunena kuti wakhuta, a Sakala ali pambali akungophwanya mafupa a nkhuku.

Mtima unandiwawa zedi. Mwini mbumba ndine, woyang'anira alongo ndi ana awo, ndiye munthu azinditherera mlongo ndikuona? Sindinafunse kanthu (mphunzitsi safunsa, amayankha). Ndinaitanitsa ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndi mkulu wa mpingo yemwe, kuti Loweruka tikakumane kwa amalume ku Sinda.

Loweruka litafika ndinavala jekete, n'kuima ngati ndili paasembule ya kusukulu.

"A Sakala, tinakupatsani munthu wathunthu, mwatibwezera theka. Ku Lusaka mumakatani? Ngati mwapezako wina nenani, mlongo wanga ndimutenge lero lomwe." Ndinawonjezanso kuti ngakhale ng'ombe yobwereka saiwondetsa chonchi (mawu amenewa ndinawakonza ndili m'basi, ndipo ndinkawakonda).

A Sakala anangoyang'ana pansi. Amene anaimirira anali Esinati.

"Mwamaliza, achimwene? Ku Lusaka anandichita opaleshoni yochepetsa chifu. Shuga anali atayamba kundiwononga maso. Pano jakisoni adokotala anandisiyitsa, ndangotsala ndi mapiritsi."

"Za kumtundu sadula ndi mpeni," ndinatero, mawu atayamba kuchepa.

"Sadula, n'zoona. Adokotala anati zotengera kwa makolo zili momwemo, koma thupi silizigwiritsa ntchito mofanana masiku onse. Opaleshoni ikachitika, zina zothandizira mafuta ndi shuga kuvuta zimafooka, zina zimene zinagona zimadzuka. Kwaya ndi yomweyo, angowatsitsa mawu amene ankakuwa."

Mkulu wa mpingo anavomera ndi mutu. Za kwaya ankazidziwa bwino.

"Nanga ine osandiuza bwanji?"

"Mukanalola, inu amene mumati kuwonda n'kunyozetsa mtundu? Bambo mukuwazengawa anakhala pakhonde la chipatala milungu itatu. Phala ankandimwetsa ndi kasupuni ka tiyi. Ndinawapempha kuti asauze munthu mpaka ndidzanene ndekha, n'chifukwa chake mukuwanyoza iwo ali chete."

Abale, manyazi amatentha. Jekete ija inasanduka ng'anjo. Ankhoswe sanachedwe n'kukambirana, anangoti ndigwade ndipepese. Kugwada ndinagwada bwinobwino, kupepesanso ndinapepesa, koma podzuka ndiye panavuta. Mawondo anakana, mimba inakana, amalume akunamizira kutsokomola kuti asaseke. Amene anandigwira m'khwapa n'kundiimika anali a Sakala omwewo.

"Mlamu," anandinong'oneza, "mukafuna kukapimitsa shuga mundiuze, ndikuperekezani. Njira ndikuidziwa."

Ndinayankha kuti ndiganizira, ndipo patha chaka ndikuganizirabe. Chimene ndinasiyiratu ndi kuitanitsa ankhoswe ndisanafunse eni banja. A Sakala amandilandira ngati kale, n'kundisungira chiwalo chabwino cha nkhuku, ndipo za ku Sinda sanazitchulepo ngakhale kamodzi. Bola akanangonditukwana, ndikanapepukidwa.