Kakamira m'Nyumba ya Apongozi

Lolemba

Mapolo a magetsi afika! Awaimika mzere kuchokera kumsewu wa ku Chonde mpaka kuseri kwa khola la alamu. Mudzi wonse makosi ali m'mwamba.

Mbumba yakhala pansi. Chigamulo: magetsi ayambe kulowa m'nyumba ya apongozi, poti malo ano ndi awo, komanso maso awo atopa ndi utsi wa koloboyi. Akuti akufuna aone nyale yopanda utsi asanafe. Mawu awa ndawamvera kwa akazi anga, mayi a Lute.

Alamu anga a Nampeya akuti tikatenge wamawaya ku Chitakale. Ndadzuka pomwepo. Wa ku Chitakale wa chiyani ine ndilipo? Kufakitale ya tiyi ndagwira makwerero a injiniya wa magetsi mpaka imvi kumera. Iye pamwamba, ine pansi, koma zonse ndinkaziona. Alamu akuti, "Kugwira makwerero si kukwera, alamu." Nsanje basi. Mkamwini akadziwa kanthu, anthu mutu umawapweteka.

Woyendera mawaya abwera Loweruka. Akakana ntchito yanga, galimoto ipitirira ku Muloza, kubweranso ndi mpaka Yesu adzabwere.

Vuto ndi khoma. Njerwa zosawotcha. Msomali umalowa ngati mu nthochi, kutuluka chimodzimodzi. Swichi ungaigwirizire pati? Apa ndi pamene mutu wanga wagwira ntchito. Ndatulukira chida changachanga:

- chikhomo cha bulugama, chong'alula kumbuyo
- kamtengo kosongoka mumng'alumo, kuti ukamakhoma, kumbuyo kuzitambasuka m'kati mwa khoma
- chitini cha nsomba kutsogolo, mokhala swichi kapena soketi
- ngowe ya waya wa fensi, yogwira chingwe cha magetsi

Dzina lake Kakamira. Azungu sanaganizepo!

Vuto lina ndi apongozi enieniwo. Timapewana. Chikwatire muno sitinayang'anizanepo. Tikakumana panjira iwo amalowa m'tiyi kumanja, ine kumanzere, moni timapatsana ndi misana. Ndiye ndizigwira ntchito iwo ali kumunda, mawu azinyamula mayi a Lute. Chovuta palibe.

Lachiwiri

Apongozi apita kokumba chinangwa. Ndavula nsapato pakhomo, ndalowa. Koyamba kuona m'kati mwa nyumba imeneyi. Ndikuyenda monyang'ama ngati ndabwera kudzaba.

Makwerero ndilibe. Ndazondotsa mtondo.

Kakamira akugwira, anthuni! Ndakhoma m'chipinda, pabalaza, pafupi ndi chitseko, paliponse pamene pandikomera. Mmodzi ndadzikolowekapo thupi lonse, miyendo m'malere, osasunthika. Bwenzi injiniya uja ali moyo adzaone.

Pangano lathu: mayi a Lute akaona mayi awo akubwera, ayimbe nyimbo ya kwaya. Mvula ya chiperoni yatsika m'phiri, apongozi abwerera msanga. Mayi a Lute akuyimba. Koma mayi a Lute amayimba tsiku lonse! Ndidziwa bwanji kuti iyi ndiye yochenjeza?

Ndikumva khasu likutsamira pakhonde. Aona nsapato zanga. Aima panja, ayang'ana kunkhokwe, akunyowa. Kutuluka sindingathe, ali pakhomo pomwepo. Kulowa sangathe, ndili m'katimu. Atsokomola mwaulemu. Ndatsokomola mwaulemu. Tikungotsokomola.

Zenera. Mutu watuluka, mapewa atuluka, mimba yakana. Mayi a Lute akundikoka manja uku akuseka mpaka misozi. Buluku lang'ambika malo osatchulika.

Madzulo uthenga wafika: "Auzeni bambo a Lute kuti manja awo ndi odala." Mwamva, alamu? Odala!

Lachitatu

Ndalowanso kuti ndiyale mawaya. Ndaima. Ndatuluka kukaona ngati ndi nyumba yomweyo. Ndi yomweyo.

Pa ngowe zanga papachikidwa:

- zitenje
- chimanga cha mbewu
- thumba la mchere
- ambulera yothyoka
- usipa m'kapepala
- chipewa cha malemu apongozi aamuna

M'zitini mwa swichi: fodya wa m'mphuno, singano, mabatani, mankhwala a nyamakazi. Chingwe changa cha magetsi, chatsopano, achimanga kuchokera pampeyala mpaka pankhokwe. Chikuyanika malaya a alamu.

Ndiye manja odala aja ndi amenewa?

Ndatuma mayi a Lute: akawauze kuti zimenezi si zopachikira katundu, ndi za magetsi, achotse. Mayi a Lute andiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Mawu oti achotse angachokere pakamwa pa mkamwini kupita kwa amayi? Ndikawakonza panjira." Apita. Abwera.

Mwawauza chiyani? "Ndati mwasangalala kuti azikonda."

Ndipo iwo ati chiyani? "Ati muwonjezereko kukhitchini."

Sindikumvetsa. Ndatumiza mawu akuda, afika oyera, abwerera a mawangamawanga.

Masana ndakwera kabaza kupita ku Chitakale kukagula maswichi ndi masoketi. Ndaonetsa mwini sitolo Kakamira. Wamutembenuza uku ndi uku, kenako watulutsa paketi ya tinthu ta pulasitiki tong'aluka kumbuyo. "Madala, izi ndi mafisha. Zinabwera kalekale." Tikutambasuka ndendende ngati wanga! Ndani anawauza Azungu? Nkhaniyi ndinangouza mayi a Lute okha.

Ndamufunsa ngati tingagwire m'njerwa yosawotcha. Wakanda mutu. Ehe! Ndatuluka chifuwa patsogolo, koma mumtima mukuwawabe.

Lachinayi

Lero palibe kutuma munthu. Ndachotsa ndekha katundu yense, mwaulemu, ndi manja awiri, ndamuyala pamphasa. Chipewa cha malemu ndachiuza pepani.

Ntchito yayenda. Maswichi m'zitini, masoketi m'zitini. Mapaipi a pulasitiki ndawakana, ndang'alula nsungwi, mawaya akuyenda m'menemo bwinobwino. Chitsulo cha pansi, chothawitsira magetsi m'nthaka, ndakhoma kuseri kwa nyumba. Babu ili lendelende pakati pa balaza. Chitini chimodzi chatsala chopanda kanthu. Cha chiyani? Sindikukumbuka. Waya wofiira watsalanso wautali, wakuda waperewera. Injiniya uja zikatere ankatani? Ndikukumbuka nsapato zake zokha, zinali zabulauni.

Apongozi abwera, apeza katundu wawo pamphasa. Uthenga: "Kodi tawalakwira chiyani bambo a Lute?" Atumiza ndi mbale ya kalongonda yopepesera.

Ndayankha kuti sanalakwe. Mayi a Lute akonza panjira. Zimene zafika sindikuzidziwa, koma yabweranso mbale ina, ya chinangwa.

Dzuwa lisanalowe azimayi a mudzi uno adzaza m'nyumbamo kudzaona. Ndikumvetsera kuseri kwa nthochi. Palibe akutchula magetsi. "Ngowe zake zolimba bwanji!" "Kwathu makoswe atha mbewu, izi ndiye zofunika." "Mkamwini wotere mumam'peza kuti?" Mmodzi akufunsa ngati ndimapanga zazitali zopachikira mkeka.

Ndikondwe kapena ndilire?

Alamu adutsa: "Nthawi ikadalipo, alamu, wa ku Chitakale uja ali ndi njinga yamoto." Mkamwini sakwiya, amangotupa.

Lachisanu

Mayo ine!

Ndapita m'mawa ku Chonde kukasaka waya wakuda. Pobwera ndikumva nyimbo ndi nthungululu kwa apongozi. Mabeseni a dothi pabwalo. Mayi a Lute matope mpaka m'zigongono.

Apongozi amva kuti mawa kukubwera mlendo wa boma. Mlendo wa boma angalowe m'nyumba yosazira? Aitana azimayi onse. Azira pansi, azira makoma, kuyambira pansi mpaka kudenga. Mtsiro wosalala, see! Ajambulamo ndi maluwa a dothi loyera.

Maswichi: akwiriridwa.
Masoketi: akwiriridwa.
Nsungwi zanga zonse: zakwiriridwa.
Zatsala kunja: ngowe zokha.

Mayi a Lute akufotokoza modekha ngati nkhani ya mtengo wa tomato. "Amayi ati zitini ndi nsungwi zimaonetsa umphawi pamaso pa alendo. Ngowe azisiya poti ndi zantchito." Katundu yense wabwerera pamalo pake. Chipewa cha malemu chikundiyang'ana.

Nanga inu osawaletsa? "Ine ndimaganiza kuti magetsi amayenda mobisika. Ku boma mawaya mumawaona?"

N'zoonadi, ku boma sawoneka.

Ndipale mtsiro? Mtsiro wa apongozi, wozira ndi manja awo okalamba, tsiku lomwelo? Ukwati utha ndisanamalize khoma limodzi. Chikwama changa n'chaching'ono, kwathu ku Likhubula n'kutali, ndipo malo anga kumeneko anadzalapo kale chinanazi.

Apongozi apita kumtsinje kukasamba. Ndalowa, ndikugogoda khoma ndi chala, khutu pakhoma. Apa pakumveka chitini. Apanso chitini. Apa sindinakhomepo kanthu koma pakumveka chitini. Swichi ya pabalaza inali kumanja kwa chitseko. Kumanja polowa kapena potuluka? Pakhoma pali duwa, penapo duwa. Ndaboola kamodzi ndi msomali, ndapeza njerwa. Ndatseka ndi malovu.

Waya wakuda ukadali m'thumba. Ndiulumikiza ku chiyani?

Loweruka

Galimoto yafika. Woyendera mawaya ndi bambo wamfupi wa jekete ya chikasu, chikwama chachikulu paphewa. Akuti akufuna mwini nyumba ndi woika mawaya, onse pamodzi, m'katimo.



Alamu amukokera pambali, amufotokozera za kupewana kwathu. Mlendoyo akuti, "Kwathunso ziliko, koma ine ntchito ndiigwira bwanji?" Tapeza nzeru: apongozi akhale m'kati ndi mlendo, ine ndiime kunja kuseri kwa zenera lija, mayi a Lute pakati. Mudzi wonse uli kumbuyo kwanga.

Wayamikira maluwa. Apongozi awomba m'manja.

"Swichi ili kuti?" Ndayankhira pazenera kuti ili pansi pa duwa. "Duwa liti?" Ndati ayese lalikululo. Akukumba ndi sikuludiraiva. Mtsiro ukugwa, mtima wanga ukugwa nawo. Wapeza chitini! Watsegula. Ndi chija chinatsala chopanda kanthu. Apongozi anabwezeramo fodya wawo wa m'mphuno asanazire, kuti adzukulu asamabe.

Kuyetsemula kwake! Nkhuku zathawa pabwalo.

Duwa lachiwiri: soketi, yodzaza dothi lonyowa. Watsata nsungwi, wapeza mawaya akutuluka thukuta, chiswe chayamba kale kulawa. Wafunsa chitsulo cha pansi. Tazungulira kuseri, ine kudzera uku, apongozi kudzera uko. Pachitsulopo amangirirapo mbuzi. Waya wake mbuzi yatafuna.

"Ndani anakuphunzitsani zamagetsi, bambo?" Ndatchula fakitale. Alamu kumbuyo: "Makwerero." Anthu aseka. Manyazi andigwira mpaka m'mawondo.

Wabwerera m'nyumba kuti azule Kakamira mmodzi akaonetse anzake kuofesi momwe anthu akumidzi amafunira kudzipha. Wakoka. Kakamira wakana. Waponda khoma ndi phazi, wakokanso. Wakana! Waitana dalaivala, akoka awiri. Kakamira ali phee. Wapuma, wapachikapo chikwama chake chija, wachiyang'ana nthawi yaitali.

Chigamulo: "Nyumba iyi tikailumikiza, tiphika agogo." Mawaya onse achotsedwe, aike munthu wa pepala la ntchitoyi. Abwera liti? "Tikamaliza uko." Uko kuti? Waloza dziko lonse ndi dzanja.

Asanakwere galimoto wandinong'oneza: "Zopachikira zija, mungandipangireko za kukhitchini? Madamu akuvutika."

Fumbi la galimoto. Apongozi aima pakhonde, msana kwa ine, akuyang'ana polo. Aima nthawi yaitali. Izi ndiye zandipweteka kuposa kuseka kwa anthu.

Lamulungu

Kutchalitchi ndakhala benchi la kumbuyo. Ulaliki wa anamwali opusa ndi nyale zawo. Abusa anachita kusankha, ndikudziwa.

Potuluka azimayi andizinga, aliyense akufuna ngowe. Wina wandiitana "a Kakamira." Dzina latsala pa ine basi.

Mapolo ali chiimire, mbalame zayamba kale kuwagwiritsa ntchito. Alamu apita ku Chitakale kukakamba ndi wa njinga yamoto uja. Sindinawaletse. Akafuna womugwirira makwerero, ndilipo.

Masana mayi a Lute abwera nkhope yachilendo. "Amayi akukuitanani." Ndati anene uthengawo. "Ayi. Akukuitanani inuyo, m'nyumba." Ndaganiza kuti basi, kwatha. Ndayang'ana chikwama changa, ndavala buluku losang'ambika.

Ndalowera pakhomo, iwo ali momwemo. Mphasa yoyala. Nkhuku m'mbale, chidutswa? Ayi, yonse, ndi nthutumba yomwe. Akuti mkamwini wong'amba buluku pazenera chifukwa chowapatsa ulemu, wowapulumutsira mbewu ku makoswe, si womuthawanso m'tiyi. Kupewana kwatha lero. Ndidye.

Ndawaona nkhope koyamba. Ali ndi mphini m'masaya, ndipo diso limodzi layera ndithu. Akuyesa kulowetsa ulusi m'singano pafupi ndi khomo, ukuphonya. Ndabweza nyama m'mbale. Pamwamba pathu babu ili lendelende, apachikapo kale tsabola.

Asendera pafupi, andigwira dzanja. "Mwana wangayu mawu amawakhotetsa panjira, ndinamuona kale. Tsopano tizilankhula tokha, m'mawa uliwonse." Aloza babu ndi singano ija.

"Ndiye bambo a Lute, ndiuzeni nokha. Iyaka liti?"

Ndayang'ana pazenera. Ndi laling'ono lomwe lija.